Tisamusiye mwana yekha ndi Dante

Abale athu ena amene akukhala ku Johannesburg ndi ku Leicester ayamba kutitamandira njira ina yophunzitsira ana. Njirayi yafala kwambiri ku America, kumene kuyambira mu 1993 malamulo a zigawo zonse 50 amalola kholo kuphunzitsa mwana pakhomo osamutumiza kusukulu. Mwana akafika msinkhu wa sekondale, makolo ena amamulipirira maphunziro a pa intaneti a mabuku otchuka a makedzana. Amawerenga Homer, Virgil, Dante, Shakespeare ndi Milton, amaonera mphunzitsi pa vidiyo, kenako amalemba chimangirizo n'kuchitumiza kuti akachichonge. Otamandawo akuti mwana ali pakhomo, swala sikumudutsa, sakucheza ndi anzake oipa, ndipo akumwa nzeru za akuluakulu. Ife tikuti abale, dekhani kaye.

Tinene poyera kuti sitikudana ndi mabuku. Makolo athu a kuno kunyanja anakaniza ana kupita kusukulu za mishoni poopa kuti akawachotsa m'Chisilamu. Mantha awo anali ndi chifukwa, koma mtengo wake tikuulipirabe mpaka lero, pamene ena anatitsogolera m'maofesi ndi m'makoleji. Sitifuna kubwereranso kumeneko. Ana athu a sekondale amawerenga kale Shakespeare, amawerenganso Nthondo wa Samuel Josia Ntara, ndipo akatuluka m'kalasi amabwera kumadrasa ali Asilamu ndithu. Chotidetsa nkhawa n'chakuti ndani anasankha mabuku a m'maphunziro a pa intanetiwa, nanga ndani akhale pambali pa mwana akamawawerenga.

Tiyambe ndi masankhidwe. Mndandandawu amautsatsa ngati chuma cha anthu onse, pamene ndi chuma cha fuko limodzi: umachokera ku Greece, kudzera ku Rome, n'kukathera ku England. Kawirikawiri simupezamo Kalila wa Dimna, nthano za nyama zimene Ibn al-Muqaffa anazimasulira m'Chiarabu m'zaka za m'ma 700. Simupezamo Hayy ibn Yaqzan, nkhani ya mwana wokulira yekha pachilumba, imene analemba Ibn Tufayl, yemwe anamwalira ku Marrakesh mu 1185. Komatu buku limeneli linamasuliridwa m'Chilatini ku Oxford mu 1671 ndiponso m'Chingerezi mu 1708, Robinson Crusoe asanatuluke mu 1719. Akatswiri a ku Ulaya ankaliwerenga. Mwana wa Msilamu lero sauzidwa n'komwe kuti lilipo. Akatha zaka zinayi akumva kuti mabuku aakulu ndi awa basi, adzakhulupirira mumtima kuti makolo ake sanalembepo kanthu kaphindu.

Palinso china choposa apa. Dante, amene anamwalira mu 1321, sasowa m'mindandanda yotereyi. M'gawo loyamba la ndakatulo yake yaikulu, lija lofotokoza za kumoto, m'chigawo cha 28, anaika Mtumiki wathu Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pamodzi ndi Ali, Allah asangalale naye, pakati pa olangidwa, ndipo anawafotokoza mwachipongwe choti sitingachibwereze pano. Taganizirani mtsikana wa zaka 15 ali yekha m'chipinda usiku, wafika pa tsamba limeneli. Vidiyo ikuyamikira luso la mlakatuli n'kupitirira. Iye afunsa ndani? Mwina atseka bukulo ndi mkwiyo nadana ndi kuwerenga konse, mwina alimeza mwakachetechete nayamba kuchita manyazi ndi dzina lake. Zonsezi ndi zotayika. Mphunzitsi wokhala naye maso ndi maso akanaona nkhope yasintha, akanaimitsa phunziro, n'kumufotokozera kuti Dante ankalemba m'nthawi ya chidani cha nkhondo zamtanda, kuti luso la mawu si umboni wa choonadi, ndi kuti munthu angathe kuwerenga wonyoza popanda kumugonjera.

Ife a kumadrasa tikudziwa kuti maphunziro olemera amalandiridwa kuchokera pakamwa pa munthu. Qur'an sitiphunzira pa tepi yokha. Mwana amakhala pamaso pa mwalimu, amalakwitsa, amakonzedwa pomwepo, ndipo mwalimuyo naye ali ndi amene anamuphunzitsa. Ngakhale msodzi sapatsa mwana bwato kuti akaphunzire yekha kupalasa tsiku la mwera. Paja akulu anati safunsa anadya phula. Nanga amene alibe womufunsa adya chiyani?

Ena atiyankha kuti maphunziro ambiri amakhala ndi ola lokumana ndi mphunzitsi pa kompyuta. N'zoona, ndipo ola limenelo n'labwino kuposa vidiyo yokha. Koma mphunzitsi amene sadziwa chimene dzina la Mtumiki limatanthauza m'nyumba mwanu sangazindikire pamene mwana wabayidwa. Maphunziro ambiri otere anakonzedwera mabanja a Chikhristu, ndipo eni ake sabisa. Iwo sanalakwe kuphunzitsa ana awo mwa chikhulupiriro chawo; wolakwa ndi kholo logula chovala chosokedwera mwana wa mnzake osachiyesa.

Tsono kwa abale amene mwatsimikiza mtima, pempho lathu ndi ili. Musanalipire, itanitsani mndandanda wa mabuku, muuonetse munthu wodziwa. Buku lililonse limene mwana akuwerenga, pakhale wamkulu wowerenga naye: bambo, mayi, malume kapena mwalimu. Pambali pa Homer ikanipo Ibn Tufayl, pambali pa Dickens ikanipo Ntara. Ngati m'nyumba mulibe amene angapeze nthawi yotero, ndiye kuti simunakonzeke kuchotsa mwana kusukulu. Mwana ndi amana imene Allah anatisungitsa, ndipo tsiku lofunsidwa za iye adzayankhe ndife, osati kompyuta.