Mapampu awiri m'chipinda chimodzi

Ndili ku sekondale ndinkaona ngati probability ndi masamu a anthu otchova juga: kuponya kobidi, madayisi, kutola mipira yofiira m'thumba. Sindinkadziwa kuti masamu omwewo ndi amene akatswiri amawerengera nawo chitetezo cha malo opangira magetsi a nyukiliya. Njirayo amaitcha probabilistic risk assessment, mwachidule PRA, ndipo imafunsa mafunso atatu: chingalakwike n'chiyani, mwayi woti chilakwike ndi wotani, nanga chikalakwika zotsatira zake n'zotani?

Tiyambe ndi vuto lenileni. Riyakita ya nyukiliya siili ngati mbaula yoti mukathira madzi yazimiratu. Ngakhale mutaizimitsa, mafuta ake amapitiriza kutulutsa kutentha kwa masiku ambiri, choncho mapampu ayenera kumazunguliza madzi oziziritsa osalekeza. Akaima nthawi yaitali, mafutawo amasungunuka.

Tiyerekeze kuti pampu imodzi imakana kuyaka kamodzi pa maulendo 100. Mukaika ziwiri, mwayi woti zonse zikane ndi 1/100 kuchulukitsa ndi 1/100, yankho n'kukhala 1/10,000. Zosangalatsa eti? Koma kuchulukitsa kumeneku kumaloledwa pokhapokha ngati kuwonongeka kwa pampu yoyamba sikukukhudzana ndi kwa yachiwiri. M'buku la masamu amalemba kuti independent events. Ife tinkangowadumpha mawu amenewa n'kuthamangira ku yankho. Ine ndikuti ndiwo mawu ofunika kwambiri pamutu wonsewo.

Onani zimene zinachitika ku Fukushima Daiichi, ku Japan, pa 11 Marichi 2011. Chivomezi chinagwetsa nthambo zobweretsa magetsi, majenereta a dizilo n'kuyaka bwinobwino monga mmene anakonzera. Pasanathe ola limodzi kunafika tsunami yotalika mamita pafupifupi 14, pamene malowo anawakonzekeretsa funde la mamita osakwana 6. Majenereta ambiri ndi zipangizo zogawira magetsi zinali m'zipinda zapansi. Madzi sanasankhe. Majenereta ambirimbiri aja anakhala ngati jenereta imodzi, chifukwa chowapha chinali chimodzi. Mafuta a m'mariyakita atatu anasungunuka.

Ena amati Fukushima inaonetsa kuti PRA ndi masewera a manambala basi. Apa sindigwirizana nawo. Mu 1975 gulu lotsogozedwa ndi Norman Rasmussen wa ku yunivesite ya MIT linatulutsa lipoti lotchedwa WASH-1400, kafukufuku woyamba wamkulu wa mtunduwu. Nthawi imeneyo ambiri ankaopa kuphulika kwa paipi yaikulu. Lipotilo linati ayi, tcherani khutu ku tidontho ting'onoting'ono komanso zolakwitsa za anthu. Ambiri analitsutsa, ndipo pa manambala ena otsutsawo ankanena zoona. Koma mu 1979 ku Three Mile Island, ku America, valavu ina inakanirira yotsekuka, madzi n'kumathawa, ogwira ntchito osazindikira kwa maola oposa awiri. Ngozi ija inadzera khomo lomwelo limene lipotilo linaloza.

Phindu la PRA kwa ine silili pa nambala yotsiriza ija. Lili pa ntchito yojambula mtengo wa zolakwika: pamwamba mumalemba kuti "madzi asiya kuyenda", kenako mumatsika nthambi ndi nthambi. Pampu yafa chifukwa chiyani? Magetsi athima, kapena valavu yatsekeka, kapena makaniko anaibwezera molakwika. Mukamatsika choncho mumapeza kuti nthambi ziwiri zimene mumaziyesa zosiyana zikukumana pa muzu umodzi: chipinda chimodzi, thanki imodzi ya dizilo, makaniko mmodzi amene anakonza zonse ziwiri tsiku limodzi.

Ku Fukushima jenereta imodzi yokha ndi imene inapitiriza kupereka magetsi, ya pa riyakita ya nambala 6. Inkazizira ndi mpweya, osati madzi a m'nyanja, ndipo madzi sanaimize. Imeneyo ndi imene inapulumutsa mariyakita a nambala 5 ndi 6.