Mphepo ya m'mapiri a Ntcheu itipatse magetsi, koma miimba isathe

Aliyense amene anagonapo ku Tsangano m'mwezi wa June akudziwa kuti mphepo ya m'mapiri a Kirk Range si yamasewera. M'pake kuti anthu amafunsa chifukwa chimene mphepoyi singatipatsire magetsi, makamaka kuchokera mu 2022 pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Kudalira mtsinje wa Shire kwatikhaulitsa, ndipo nkhalango za Dzonzi ndi Mvai zikutha ndi makala. Ife tikuti magetsi a mphepo abwere ndithu.

Komabe makina a makampani sali ngati aja anapanga William Kamkwamba ku Wimbe, m'boma la Kasungu, mu 2002. Ndi ataliatali, ndipo nsonga za mapiko ake zimatha kuthamanga kuposa makilomita 200 pa ola. Zitunda zimene akatswiri amakonda kuimikapo makinawa n'zomwenso miimba ndi ziwombankhanga zimauluka, potsata mphepo yokwera. Muimba umauluka maso ali pansi kusaka nyama yakufa, motero suona chimene chili kutsogolo. Umaikira dzira limodzi lokha pa chaka. Ikafa ingapo yaikulu, papita zaka kuti mtundu ubwerere.

Tikudziwa kuti muimba si mbalame yokondedwa, ena amaiyesa ya malodza. Koma ndiyo imatichotsera zowola kuthengo. Mu 2015 bungwe la IUCN linaika mitundu ingapo ya miimba ya mu Africa m'gulu la zolengedwa zotsala pang'ono kutheratu, chaka chomwenso Papa Francis analemba kalata ya Laudato Si' yotikumbutsa kuti cholengedwa chilichonse chili ndi ulemu wake pamaso pa Mulungu. Kwathu kuno miimba inayambanso kuoneka ku Liwonde mu 2017, atabweretsamo akambuku othamanga aja otchedwa cheetah, ndipo kwa mbalame yotere ulendo wa ku Liwonde kufika ku Ntcheu ndi waufupi.

Anzathu anakumana kale ndi vutoli. Ku Kipeto, m'dziko la Kenya, kumene makina a mphepo anamangidwa pafupi ndi zisa za miimba, kuli alonda oyang'ana kumwamba amene amaimitsa makina mbalame zikayandikira. Ku Smøla, m'dziko la Norway, kupaka phiko limodzi utoto wakuda kunachepetsa kwambiri imfa za mbalame.

Zonsezi n'zigamba chabe. Nkhani yagona pa kusankha malo maziko asanakumbidwe, chifukwa makina akaima sasunthika. Lamulo la za chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zazikulu ziunikidwe zisanayambe, anthu okhudzidwa atamvedwa. Kampani ikadzafika ku Ntcheu, makatekisiti ndi atsogoleri a miphakati asadzangofunsa za chipukutamisozi cha minda. Adzafunsenso amene anawerenga mbalame pa chitundacho, ndiponso ngati anaziwerenga dzinja ndi chilimwe chomwe. Abusa a ng'ombe adzaitanidwe ku msonkhanowo, pakuti ndiwo amadziwa matanthwe amene ziwombankhanga zimagonapo.