Madisiki akadzaza ku Nottie Broadie

Mu ofesi ina yaing'ono ku Nottie Broadie mu mzinda wa Livingstone, yokonza maulendo a alendo obwera kudzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, seva imakhala pansi pa tebulo la wowerengera ndalama. Nditagwada kuti ndiione bwino, ndinapeza fumbi la chilimwe litamata pa mafani, timagetsi tinayi tobiriwira tikuphethira. Munali madisiki anayi a 2TB olumikizidwa mwa RAID 5, ndiye kuti malo osungirapo anali 6TB, ndipo anali atatsala pang'ono kutha chifukwa cha zithunzi, mavidiyo ndi malisiti a zaka zambiri.

Eni ake, mayi achikulire, anali atagula kale madisiki anayi a 8TB ku Lusaka. "Mwana wanga," anatero, "ingochotsani akalewo muike awa. Koma chithunzi ngakhale chimodzi chisasowe." Ndinawayankha kuti, "Amayi, njira zilipo ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi minga yake."

Yoyamba ndi imene amisiri ambiri amaikonda. Umazula disiki imodzi, n'kulowetsa yaikulu, seva n'kuyamba kuilemba pogwiritsa ntchito zimene zili pa zitatu zotsalazo. Ikamaliza, umazula yachiwiri, mpaka zonse zinayi. Malo saonjezekera mpaka yomaliza italowa. Pamenepo ndi pomwe umakulitsa RAID yonseyo kenaka fayilo sisitimu, ndipo 6TB imasanduka 24TB. Ubwino wake sungaukane. Sugula makina ena, ofesi siima, wolandira alendo amapitiriza kulemba mayina osadziwa n'komwe kuti pansi pa tebulo pakuchitika opaleshoni. Kwa bizinesi imene ndalama yake imadalira nyengo ya alendo, zimenezi si zazing'ono, ndipo munthu wosankha njirayi sindingamunene kuti ndi wosasamala.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti RAID 5 imapirira kufa kwa disiki imodzi yokha. Ukazula imodzi mwadala, wadya kale chitetezo chako chonse, ndipo ukuchita zimenezi kanayi. Nthawi iliyonse, madisiki okalambawo, amene mwina anagulidwa tsiku limodzi ndipo atopa mofanana, amakakamizidwa kuwerengedwa kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Pa liwiro la 150MB pa sekondi, kulemba 2TB kumatenga pafupifupi maola anayi ngati palibe wina akugwiritsa ntchito sevayo. Opanga madisiki wamba ambiri amalemba okha kuti kachigawo kamodzi kangakanike kuwerengeka pa 12.5TB iliyonse. Amenewa ndi malire a pa pepala, madisiki ambiri amachita bwino kuposa apo, komabe kachigawo kovunda kamene kanabisala zaka zitatu kamaonekera pa tsiku ngati limeneli.

Ndiye pali magetsi, malaiti monga timanenera kuno. Livingstone ali pafupi ndi siteshoni ya magetsi ya Victoria Falls, koma chilala cha 2024 chitachepetsa kwambiri madzi ku damu la Kariba, madera ambiri a Zambia ankakhala mu mdima maola oposa 17 pa tsiku. Batire ya UPS ya mu ofesi ngati iyi imagwira mphindi zowerengeka. Seva yabwino imapitiriza pamene inalekezera magetsi akabwera, koma kuzima mwadzidzidzi RAID ili yopunduka kungawononge deta imene inali mkati molembedwa.

Njira yachiwiri ndi kumanga RAID yatsopano pambali, m'bokosi lina, n'kukoperamo zonse. Madisiki akale suwakhudza, amakhala ngati nkhokwe yakale imene suiphwasula mpaka chimanga chonse chitalowa mu yatsopano. Ulinso ndi mwayi wokonza zimene zinalakwika kale. Ungasankhe RAID 6, yopirira kufa kwa madisiki awiri, ngakhale malo atsike kufika 16TB. Izi n'zofunika chifukwa disiki ya 8TB ikadzafa mtsogolo, kuibwezeretsa kudzatenga maola pafupifupi 15. Ungachokenso pa MBR, imene siidutsa 2TB, kupita pa GPT.

Koma nayonso si yaulere. Bokosi lina ndi ndalama zina, ndipo kuno zida zotere zimachokera kutali. Kukopera 6TB pa waya wa gigabiti kumadya maola pafupifupi 15, ofesi iyenera kuima pang'ono potembenukira ku seva yatsopano, ndipo zolakwa za munthu zimachuluka: zilolezo za mafoda kusokonekera, pulogalamu ya akaunti kufunafuna mafayilo pamalo akale. Ndinaonapo foda yathunthu itaiwalika, n'kudzadziwika patapita miyezi iwiri, madisiki akale atafufutidwa kale.

Pali njira yapakati imene anthu saitchula kawirikawiri. Ngati seva ili ndi malo a disiki yachisanu, pulogalamu ya mdadm ya pa Linux imatha kukopera disiki yakale pa yatsopano yakaleyo isanazulidwe, motero chitetezo sichichoka. Ya amayiwa inalibe malowo. Ndinayang'ananso ngati madisiki awo atsopano sanali a mtundu wa SMR, umene mu 2020 unadandaulitsa ogula ena a WD Red chifukwa chochedwa kwambiri pobwezeretsa RAID. Mwamwayi sanali.

Mtima wanga unali pa njira yachiwiri, thumba lawo linali pa yoyamba, ndipo thumba ndi lawo. Chimene ndinakana kugonjerapo ndi chimodzi: sindizula kalikonse tisanakopere zonse pa disiki ina yapadera ya USB, n'kutsegula mafayilo angapo pa kompyuta ina kuti titsimikize kuti akuwerengeka. Anadandaula za mtengo wake, kenaka anatuma mdzukulu wawo m'tauni. Disiki yoyamba tinaizula Lachisanu madzulo, jenereta ili ndi mafuta odzaza, ndipo yachinayi inamaliza Lachiwiri m'mawa.