Chiwongolero chikayamba kuvina

Sabata yatha ndidakwera Sienta kuchokera kwathu kuno ku Sadzi kupita ku Limbe, ndipo mwamwayi ndidapeza mpando wakutsogolo. Titangodutsa pa Thondwe, mnyamata woyendetsa adaponda mafuta. Muvi utafika pa 90, manja ake adayamba kunjenjemera ngati wagwidwa malungo. Makiyi ankalira, galasi loonera kumbuyo silinkaonetsanso kanthu.

"Achimwene, galimotoyi idayamba liti zimenezi?" ndidafunsa.

"Musadandaule madala, imangotero. Ndikapyola 110 imasiya yokha."

Sadaname, galimoto zambiri zimasiyadi. Koma yankho limeneli ndalimva kwa madalaivala ochuluka, ena a galimoto zawozawo zomwe amanyamulira ana awo, n'chifukwa chake lero ndati tikambirane. Palinso ena amene akatopa nako kunjenjemerako amathamangira kukalipira alayimenti, kenaka mashoko, kenaka mabushi, ndalama n'kutha chiwongolero chikuvinabe. Musanapereke tambala kwa makaniko, yambani mwadziwa nthawi yomwe galimoto yanu imanjenjemera. Nthawiyo ndi imene imaloza pomwe pali vuto.

Ikamanjenjemera pa liwiro limodzimodzi, tinene pakati pa 80 ndi 110, musakuponda buleki, kawirikawiri vuto limakhala loti tayala lalemera mbali imodzi. Tayala la Sienta kapena Vitz likamathamanga makilomita 100 pa ola limazungulira pafupifupi ka 15 pa sekondi imodzi. Mbali imodzi ikalemerako ndi magalamu 30 okha, pa liwiro limenelo kulemerako kumakoka ngati makilogalamu 8, uku m'mwamba, uku pansi, osapumira. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake poyenda m'tauni muno, kuchoka ku Sadzi kupita ku Chinamwali kapena ku Matawale, simumva kanthu, koma mukangotulukira mumsewu wa M3 gule wayamba.

Nanga bwanji imasiya mukapyola 110? Pali liwiro lomwe kugunda kwa tayala kumagwirizana ndi kudumpha kwa masipuling'i, ndipo pamenepo ndi pomwe manja amamva kwambiri. Mukalipyola, manja amapuma, koma mabeyaring'i, mabojointi ndi matayirodi amapitiriza kumenyedwa, tsopano mwamphamvu kuposa poyamba.

Chimene chimalemeretsa tayala mbali imodzi nthawi zina n'chaching'ono moseketsa. M'dzinja misewu yathu ya m'kati mwa Sadzi imakhala matope okhaokha, ndipo matopewo amakaumira m'kati mwa limu momwe ana otsuka galimoto safikamo. Tsukani mmenemo kaye, n'zaulere. Onaninso tizitsulo ting'onoting'ono tomwe amakhomera kapena kumata m'mphepete mwa limu pobalansa tayala. Timagwa mukagunda dzenje, ndipo anzathu omata matayala m'mbali mwa msewu akavula tayala n'kuliveka kwina, balansi ija yatha. Sindikuwada, makina obalansira alibe. Kungoti tayala lakutsogolo likavulidwa pa limu liyenera kukabalansidwanso.

Pofuna kutsimikiza, sinthanitsani matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Kunjenjemera kukachoka m'manja n'kupita kumpando, mwalipeza vuto, ndi tayala kapena limu yake. Mukumanga, limbitsani manati onse, chifukwa nati yosalimba nayo imagwedeza chiwongolero, ndipo iyo mapeto ake ndi tayala kukupitirirani mukuliona. Za alayimenti, imeneyo ndi ya galimoto yokokera mbali imodzi kapena yodya matayala m'mbali. Si kawirikawiri kuti ithetse kunjenjemera.

Ikamanjenjemera pokhapokha mwaponda buleki, siyani matayala, yang'anani madisiki. Ife a ku Zomba nthenda imeneyi tili nayo kaamba ka phiri. Munthu amatsika kuchokera ku Ku Chawe phazi lili pa buleki mpaka m'tauni, madisiki n'kutentha kwambiri, n'kusiya kukhala osalala mofanana mbali zonse. Potsika gwiritsani giya yaing'ono kuti injini ikuthandizeni kugwira galimoto. Ya otomatiki nayo ili ndi L, 2 kapena B malinga ndi mtundu wake, ngakhale ambiri sadaigwirepo chigulireni galimotoyo.

Ikamagwedeza pamene mukuwonjezera mafuta, makamaka pokwera mtunda, n'kusiya mukachotsa phazi, makaniko aone ma CV jointi, makamaka ngati labala lake lang'ambika girizi n'kutayika. Ndipo ngati mwabalansa koma sizikusintha, ikwezeni pa jeke. Gwirani tayala kumanja ndi kumanzere, ligwedezeni. Likamasewera, kayikirani tayirodi. Ligwireni pamwamba ndi pansi. Likamasewera pamenepo, ndi beyaring'i kapena bojointi. Zimenezi si zodikira malipiro a mwezi wamawa, chifukwa ndizo zimalumikiza tayala ku galimoto ndi ku chiwongolero.

Chomwe chimandiopsa kwambiri, komabe, ndi tayala lomwe mawaya ake aduka m'kati. Limeneli limayamba kudziulula ngakhale pa liwiro lotsika, chiwongolero chimapita uku ndi uku pang'onopang'ono ngati galimoto ikutsimphina. Ambirife timagula matayala akaunjika chifukwa atsopano mtengo wake sitingaufike, ndipo timangoyang'ana ngati mapala ake akadalipo. Zaka zake sitifunsa, chonsecho zidalembedwa pambali pa tayalalo. Pamapeto pa zilembo zoyamba ndi DOT pali manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chomwe lidapangidwa. Opanga matayala monga Michelin amalangiza kuti tayala likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale lioneke labwino. Musadalirenso pepala la COF lomwe lili pagalasi, limangonena mmene galimoto idalili tsiku lomwe idayezedwa, dzenje lomwe mudagunda dzulo silikulidziwa.

Titafika pa Namadzi mayi wina ankatsika ndi katundu wake, ndiye ndidapezerapo mwayi. Ndidapempha mnyamata uja kuti akhotetse chiwongolero mpaka kumapeto, ine n'kuyendetsa dzanja kuseri kwa tayala lakumanzere. Ndidakumana ndi chotupa chachikulu ngati dzira, mbali yomwe munthu woima panja sangaione. Manambala ake adali 1413, kutanthauza sabata ya 14 ya chaka cha 2013.

"Tabwerani mugwire nokha," ndidatero.

Adagwira, n'kukhala chete kanthawi. Kenaka adati, "Likafika ku Limbe limeneli, madala. Ndikasintha komweko."

Kumbuyo anthu adayamba kung'ung'udza kuti ndikuwachedwetsa, wina mpaka adafunsa ngati ndine wa polisi ya pamsewu. Koma bambo wina wachikulire, yemwe adanyamula mdzukulu pamiyendo, adatsika n'kugwira nawo chotupacho. Adati iye ndi mwanayo sakweranso pokhapokha tayalalo lichoke. Apo mnyamata adatulutsa jeke.

Sipeya nayo idali yotha ndithu, koma yopanda chotupa. Tidataya mphindi 20. Kuchoka pamenepo mpaka pa Njuli chiwongolero chinkanjenjemerabe pang'ono muvi ukayandikira 90, ndipo mnyamata uja sadaupyoletsenso 80. Potsika ndidamuuza kuti akagula tayala lina asachoke osabalansitsa onse awiri akutsogolo. Adati akauza mwini galimoto, poti ndalama za matayala sizichokera kwa iye.