Makampani akunja atiphunzitse, asangotisiyira makina

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera pa tsamba lanu lokondedwali pa zimene akuchita makampani akunja amene ali ndi nthambi kuno kwathu.

Ine ndimayang'anira makompyuta pa kampani ina yotere mu mzinda wa Blantyre, imene likulu lake liri ku Johannesburg. Zaka zingapo zapitazo mabwana a ku likulu analamula kuti nthambi zonse zichotse lamya zakale ndi kuyika lamya zoyendera pa intaneti. Ganizoli silinali loipa ayi. Lamya zimenezi zimaduladula mawu a munthu kukhala tizidutswa timene timayenda njira imodzi ndi makalata a pa kompyuta. Tsono kuyimbira mnzako wa ku nthambi ya ku Lusaka kapena ku London kumangokhala ngati kuyimbira ofesi yoyandikana nayo, popanda bilu yoyimbira kunja.

Chimene chikundiwawa ndi momwe ntchitoyi inayendera. Kunabwera akatswiri awiri, namangirira makina awo kwa masabata awiri, basi nakwera ndege. Ife anangotisiyira kabuku ndi nambala yoti tiziyimba zinthu zikavuta. Mawu achinsinsi olowera m'makinawo anapita nawo. Bambo amene ankatikonzera lamya zakale anawapumitsa ntchito, m'malo mowaphunzitsa zatsopanozi.

Akatswiriwa akanatifunsa tikanawauza zambiri. Lamya yakale inkalandira mphamvu kudzera mu waya wake womwewo, ndiye magetsi akazima inkalirabe. Yatsopanoyi magetsi akazima imafera pomwepo ngati palibe batire kapena jenereta. Chinanso, Malawi alibe nyanja yamchere. Intaneti yathu imadzera ku maiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique kukalumikizana ndi zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ya 2009 ndi EASSy ya 2010. Kalata ya pa kompyuta ikachedwa panjira palibe amadziwa, koma mawu akachedwa ngakhale ndi theka la sekondi anthu amayamba kudulana pakamwa.

M'mwezi wa May 2024 zingwe ziwirizi zinaduka, ndipo lamya zathu zinangoti zii, makasitomala osatipeza. Njira yotembenuzira makinawo kuti ayendere pa lamya za m'dziko momwemuno inalipo, koma wodziwa kutero anali ku Johannesburg. Ndinachita kumuyimbira pa foni yanga ya m'manja, ndi mayunitsi anga. Kodi chitukuko n'chimenechi?

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Makina amabwera n'kupita. Skype inayamba mu 2003, a Microsoft anaigula mu 2011, koma mu May 2025 anaitseka. Chimene chimatsala ndi luso liri m'mutu mwa munthu.

Choncho ndikupempha a Unduna wa Zantchito kuti katswiri aliyense wobwera kudzayika makina azikhala ndi Mmalawi pambali pake kuyambira tsiku loyamba, ndipo asachoke asanamusiyire makiyi onse. Anyamata ndi atsikana ozitsata alipo, ochokera ku MUBAS ndi m'makoleji a ntchito zamanja, ambiri akungokhala.

Nanunso mabwana a Chimalawi m'makampaniwa, lekani kungovomera ziri zonse zochokera ku likulu. Musanasaine, funsani kuti akachoka eni akewo adzakonza ndani.

Wokhudzidwa,
Chilomoni, Blantyre.