MBIRI ZA ANTHU: Loya wa ku Monroeville ndi mlandu umene sunaole

Pa maliro a munthu wokondedwa olankhula amasankha mau. Amachula zabwino zimene malemu anacita, ndipo zotsalazo amazikwirira pamodzi ndi bokosi. Umenewu ndi ulemu woyenera pa tsiku la misozi, koma zaka zikapita mbiri yosimbidwa theka imamlanda malemuyo cinthu cacikulu, ndico nkhondo imene anamenyana ndi mtima wake. Bambo Amasa Coleman Lee, loya wa m'tauni yaing'ono ya Monroeville, m'cigawo ca Alabama ku Amereka, ndi munthu amene mbiri yake iyenera kusimbidwa yonse. Anamwalira pa 15 April 1962 ali ndi zaka 81, wolemekezedwa ndi anansi ao, wokondedwa ndi ana ao, ndiponso wodziwika kutali cifukwa ca buku limene mwana wao wamkazi analemba.

Bambo Lee anabadwa pa 19 July 1880 ku Georgiana, m'cigawo comweco ca Alabama, nakulira pa munda wa makolo ao pafupi ndi Chipley ku Florida. Atate ao anali mmodzi wa asilikali a zigawo za kummwera, zimene zinagonja pa nkhondo ya paciweniweni ya 1861 mpaka 1865, nkhondo imene inathetsa ukapolo ku Amereka. Sukulu sanapite nayo patali, koma anali okonda mabuku kotero kuti asanakwanitse zaka 20 anali kuphunzitsa kale ana pa sukulu ya kumudzi. Pambuyo pake analowa nchito yaukalaliki, kusunga mabuku a ndalama pa kampani yoceka matabwa ku Finchburg. Kumeneko ndiko anadziwana ndi Frances Cunningham Finch, amene anamanga naye banja m'caka ca 1910.

Patapita zaka zowerengeka banjalo linasamukira ku Monroeville, kumene Bambo Lee anali kuyang'anira ndalama mu ofesi ya maloya awiri, Barnett ndi Bugg. Ku koleji ya malamulo sanapondeko. Anawerenga mabuku a malamulo mwa iwo okha, napambana mayeso a uloya m'caka ca 1915, ndipo dzina lao linawonjezedwa pa cikwangwani ca ofesiyo: Barnett, Bugg & Lee.

TAUNI YA MITUNDU IWIRI

Monroeville wa masiku amenewo anali ndi anthu ongopitirira pang'ono 1,000. Cuma cake cinali thonje ndi matabwa, miseu yake inali ya dothi lakatondo, ndipo pakati peni-peni pa tauni panaima nyumba ya bwalo la milandu. Koma tauniyo, monga Alabama yense, inali yogawidwa pawiri ndi lamulo. Azungu anali ndi sukulu zao ndi mipingo yao, anthu akuda nawonso zao. Malamulo oyendetsera cigawo amene anakhazikitsidwa mu 1901 analanda anthu akuda ambiri ufulu wa kuvota mwa kuika msonkho wa pamutu ndi mayeso a kuwerenga. M'bwalo la milandu azungu anali kukhala pansi, anthu akuda pa cipinda ca pamwamba, ndipo gulu la anthu 12 osankhidwa kumva mlandu ndi kugamula linali la azungu okha-okha. Acikulire a muno m'Zambia amene anagulapo nyama pa kazenera ka m'mbali mwa buchala m'masiku a Northern Rhodesia adziwa bwino kulemera kwa tsankho lotere.

M'caka ca 1919 woweruza anasankha Bambo Lee kuti aimirire amuna awiri akuda, bambo ndi mwana wake, amene anaimbidwa mlandu wakupha mzungu mwini sitolo. Loyayo anali ndi zaka zinai zokha pa nchito, ndipo unali mlandu wake woyamba wa imfa. Anayesetsa monga anathera, koma awiriwo anapezedwa olakwa ndipo ananyongedwa cisanathe cakaco. Kucokera pamenepo Bambo Lee sanalandirenso mlandu wa upandu kufikira imfa yao. Anatembenukira ku nchito yacete ya zikalata za malo, misonkho, ndi kugawa cuma ca masiye.

Pa nchito imeneyi ndipo anapezera dzina. Loya wa m'tauni yaing'ono sangabisale monga wa mumzinda waukulu, pakuti munthu amene wamlembera cikalata Lacisanu akumana naye ku sitolo pa Ciweru ndi ku kacisi pa Sondo, ndipo akamdyera masuku pamutu tauni yonse imva dzuwa lisanalowe. Anthu a ku Monroeville anapereka kwa Bambo Lee malire a minda yao ndi zinsinsi za mabanja ao kwa zaka makumi anai ndi mphambu, ndipo anawasankha kukawaimirira ku Nyumba ya Malamulo ya Alabama pa masankho a 1926, kumene anatumikira zaka 12. Kuyambira 1929 mpaka 1947 anali mkonzi wa nyuzipepala ya mlungu ndi mlungu ya Monroe Journal, ndiponso mmodzi wa eni ake. Mu mpingo wa Methodist anali mkulu wodalirika.

ATATE PA NYUMBA

M'banja lao, limene nyumba yake inali pa mseu wa South Alabama Avenue, munabadwa ana anai: Alice mu 1911, Louise mu 1916, Edwin mu 1920, ndi cisinda Nelle Harper mu 1926. Mai Lee anali odwala-dwala kwa zaka zambiri, motero mtolo waukulu wa kulera unagwera bamboyo. Anali munthu wofatsa, wolankhula pang'ono-pang'ono atayamba waganiza, wovala suti ngakhale pa masewera a gofu. Nelle anakula akuwerenga nyuzipepala pa miyendo ya atate ake, ndipo nthawi zambiri anali kukwera pa cipinda ca pamwamba ca bwalo la milandu kukamvera maloya alikutsutsana. Pamene Bambo Lee anaona kuti mwanayo ndi mnzake wa nyumba yoyandikana, Truman Capote, akonda kupeka nthano, anawapatsa makina akale otaipira. Ana awiriwo anadzakhala olemba mabuku ochuka m'dziko lonse la Amereka.

Cikhumbo ca bamboyo cinali cakuti ana alowe m'malo mwao pa uloya. Alice anatero: anapambana mayeso mu 1943 nalowa mu ofesi ya atate ake. Nelle anayamba maphunziro a malamulo pa yunivesite ya Alabama, koma anawasiya osatsiriza napita ku New York mu 1949 kukayesa mwai wa kulemba mabuku. Atate ake zinawawawa, koma sanamtsekere khomo.

Caka ca 1951 cinali ca misozi. Mai Lee anamwalira m'mwezi wa June, ndipo patangopita milungu isanu ndi umodzi Edwin, mwana wamwamuna yekhayo, anafa mwadzidzidzi ali ndi zaka 30 pamene mtsempha unaphulika mu ubongo. Bambo Lee anatsala ndi Alice, ndipo pamene thupi linayamba kufooka Nelle anali kubwera kawiri-kawiri kucokera ku New York kudzawasamala.

MBALI IMENE OLIRA AMAIDUMPHA

Kufikira pano mbiriyi ndi yokoma kuimva, koma ili ndi mbali inanso. Munthu yemweyu, amene sanadye khobidi la mwini, anakhulupirira kwa zaka zambiri za moyo wake kuti azungu ndi anthu akuda ayenera kukhala molekana. M'nyuzipepala yao anadzudzula magulu a azungu amene anali kupha anthu akuda popanda kuwazenga mlandu, koma anakananso kuti boma lalikulu la ku Washington liike lamulo lolanga ambandawo, ati zimenezo ndi za zigawo zokha. Anafuna kuti munthu wakuda aweruzidwe mwa dongosolo, koma sanafunse cifukwa cake pa mipando ya ogamula panalibe wakuda ndi mmodzi yemwe.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 mpingo wao unalandira mbusa wacinyamata, Ray Whatley, amene anayamba kulalikira za cilungamo pakati pa mitundu. Bambo Lee, monga mkulu wa mpingo, anamtsutsa, namuuza kuti nkhani zotere si za pa guwa. Posapita nthawi mbusayo anasamukira ku Montgomery, mzinda umene anthu akuda ananyanyala kukwera mabasi kuyambira December 1955, Mai Rosa Parks atamangidwa cifukwa cokana kupatsa mzungu mpando.

Nelle anaona zonse ziwiri mwa atate ake, ndipo anazilemba zonse ziwiri. Buku loyamba limene anapereka kwa osindikiza mu 1957 linali la mkazi wacitsikana amene abwerera kwao kucokera ku New York napeza kuti atate ake okalamba, loya wochedwa Atticus Finch, akhala pa msonkhano wa azungu olimbikitsa tsankho. Linali buku la mwana wokhumudwa. Mkonzi wake, Tay Hohoff, anamlangiza kuti alembenso nkhaniyo kucokera pa ubwana, ndipo patapita zaka zoposa ziwiri panatuluka To Kill a Mockingbird, m'mwezi wa July 1960. M'menemo Atticus, amene dzina lake la Finch linatengedwa ku banja la Mai Lee, aimirira munthu wakuda wonamiziridwa mlandu, saopa citonzo ca tauni, ndipo ngakhale agonja, agonja ndi ulemu.

Akulu akale anati mlandu suola. Kuciyambi kwa bukulo wolemba asimba kuti anthu awiri oyamba amene Atticus anawaimirira ananyongedwa, ndi kuti kuyambira pamenepo loyayo anaipidwa nayo milandu ya upandu. Cilonda ca 1919 cinaonekeranso patapita zaka 41. Kusiyana kwake ndi kwakuti mwanayo anabweza atate ake a m'nthano ku bwalo limene atate ake eni-eni analithawa, nawapatsa mau amene iye analaka-laka kuti akadanena.

Bukulo linalandira mphotho ya Pulitzer mu 1961, lamasuliridwa m'zinenero zoposa 40, ndipo makope ake oposa 40 miliyoni agulidwa. Nelle analipereka kwa atate ake ndi kwa mkulu wake Alice. Anthu a ku Monroeville anayamba kuitana Bambo Lee kuti Atticus, ndipo nkhalambayo inanyadira mwana wake. Olemba mbiri ya banjali asimba kuti m'zaka zao zotsiriza maganizo ao anasintha, kotero kuti anayamba kuvomereza kuti anthu akuda ayenera kuimiridwa mokwanira m'boma. Kusinthako kunadza mocedwa, ndipo lamulo lothetsa tsankho m'malo a anthu onse, la 1964, linawapeza ali m'manda. Koma kwa mwana wa msilikali wa kummwera, wobadwa patangopita zaka 15 ukapolo utatha, unali ulendo wautali.

WOCHI YA M'THUMBA

Kuciyambi kwa 1962 katswiri wa kanema Gregory Peck, amene anasankhidwa kusewera Atticus, anapita ku Monroeville kukaonana ndi Bambo Lee kuti aphunzire kayendedwe ndi kalankhulidwe kao. Kanemayo anatuluka mu December caka comweco, mwini nkhani atagona kale miyezi isanu ndi itatu. Nelle anapatsa Peck wochi ya m'thumba ya atate ake, ndipo Peck anali nayo usiku umene analandira mphotho ya Oscar mu April 1963.

Alice anasunga ofesi ya atate ake, nagwira nchito ya uloya kufikira zaka 100. Anamwalira mu November 2014 ali ndi zaka 103. Mu July 2015 buku loyamba lija linasindikizidwa ndi dzina lakuti Go Set a Watchman, ndipo owerenga ambiri anakwiya poona ngwazi yao ili ndi tsankho. Ena anati Atticus waipitsidwa. Koma odziwa mbiri ya Bambo Lee anazindikira kuti mabuku awiriwa ajambula munthu mmodzi, lina monga mwana wamng'ono aonera atate wake, linalo monga mwana yemweyo awaonera atakula. Nelle Harper Lee anamwalira mu February 2016, ndipo anaikidwa ku Monroeville, m'manda momwe muli makolo ake. Nyumba yakale ya bwalo la milandu ija inasandutsidwa mosungira zinthu za mbiri yakale.

M'tauni iliyonse muli anthu onga Bambo Lee, kaya ndi loya, mphunzitsi, kalaliki kapena mkulu wa mpingo: oona mtima pa ndalama, acifundo kwa ana, koma akhungu pa coipa cimene onse owazungulira anacizolowera. Kuwakumbukira ndi zabwino zokha ndiko kuphunzitsa ana kuti munthu wabwino salakwa, ndipo kuwakumbukira ndi zoipa zokha ndiko kuwaphunzitsa kuti wolakwa sasintha. Mwana wa Bambo Lee sanacite ciliconse ca ziwirizi. Anakangana nao atate ake, anawasamala m'matenda, ndipo analemba zoona zao zonse. Mwambi umati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Iye anauona mwendowo, nauchula poyera, koma atate ake sanawasiye.