Anakamwa ayodini ku Joni, kuno wosamala palibe

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule m'malo mwa achemwali anga, omwe chithokomiro chawo chinkagwira ntchito mopyola muyezo. Ankangoonda pomwe nsima akudya mokwanira, manja akunjenjemera, mtima ukuthamanga, thukuta lili kamukamu ngakhale mwezi wa Juni. Pachipatala cha kwathu anawayeza HIV, kenako TB, osapeza kanthu. Pakhosi palibe anapakhudza n'komwe. Matenda atadziwika anawapatsa mapiritsi a carbimazole, koma akangosiya kumwa, zonse zinkayambiranso.

Tinasonkherana pachibale, tinawatumiza ku Johannesburg komwe anameza kapisozi kamodzi ka ayodini wotulutsa cheza, uja madokotala amati iodine-131. Chithokomiro chimakoka ayodini amene ali m'magazi, choncho chezacho chimakaunjikana pomwepo n'kupha mbali ya chiwalocho, popanda mpeni. Si zoyeserera ayi. Dokotala Saul Hertz anayamba kuchiza anthu motere ku Boston mu 1941. Mphamvu ya ayodiniyu imatsika ndi theka pa masiku 8 alionse, ndipo wambiri wosakokedwa ndi chithokomiro amatuluka ndi mkodzo masiku oyambirira. N'chifukwa chake achemwali anauzidwa kuti kwa masiku ochepa agone paokha, asafukate ana, atalikirane ndi amayi oyembekezera. Woyamwitsa kapena wapakati sapatsidwa mankhwalawa.

Masiku ochepa aja ndiwo asanduka chilango. Papita miyezi, koma kumaliro amayi anzawo amawalandabe mthiko. Wina anachita kunena pagulu kuti m'thupi mwawo muli za ku mgodi wa yuraniyamu wa ku Kayelekera! Sindikuwada amayiwo. Anawafotokozera ndani? Pepala lomwe achemwali anabwera nalo n'lachingerezi, ndipo pawailesi sindinamvepo nkhaniyi m'Chichewa.

Chondiwawa kwambiri ndi ichi. Anthu ambiri akamwa ayodiniyu chithokomiro chimadzafooka, ndipo amafunika kuyezedwa magazi pafupipafupi, ena n'kumamwa levothyroxine tsiku lililonse moyo wawo wonse. Achemwali tsopano akunenepa mosadziwika bwino, nkhope yatupa, akungomva kuzizira ndi tulo. Titapita kuchipatala kuja kuti awayeze magazi a chithokomiro, aja amati TSH, anatiuza kuti mankhwala a m'makina anatha, tipite kolipira. Mapiritsi nawonso akuti tikagule tokha kufamase. Ndalama yake iti, poti mbuzi zinathera ulendo wa ku Joni? Namwino wina, mwaulemu ndithu, anati akamwe phala ndi kupuma.

Dziko lino lili ndi lamulo loona za cheza chotere kuyambira 2011, ndiye nkhaniyi si yachilendo kwa akuluakulu a zaumoyo. Ndikuwapempha kuti chipatala chilichonse chachikulu cha m'boma chiziyeza chithokomiro, levothyroxine asamasowe, komanso wodwala wobwera kuchokera kunja azipatsidwa tsiku lokaonana ndi dokotala. Inunso akonzi, itanani dokotala alembe patsamba lino kuti cheza chija chimatha liti m'thupi, tikawawerengere amayi aja.

Mlongo wodandaula,
Balaka